Wakutsina Khutu ndi Wakuloza Cala

Palibe mudzi, komboni kapena ofesi imene ilibe munthu wa mtundu uwu: munthu amene mau ace onse ali oona, koma anzace akamuona alikudza amayamba kukumbuka nchito zimene anazisiya kunyumba. Iye sanama, satukwana, ndiponso saba ca mwini. Akanena kuti kuledzera kupasula mabanja, wanena zoona. Akati ana a makono sapatsa ulemu akulu, palibe angamtsutse kotheratu. Komabe akatha kulankhula palibe ndi mmodzi yemwe amene wasanduka wabwino kuposa m'mene analiri, ndipo omvera aja amabalalika ali ndi kamkwiyo kamene sangathe kukafotokoza. Ici ncodabwitsa ndithu, pakuti anthu omwewo amakhala cete madzulo onse kumvera mbuye wao wokalamba alikuwadzudzula ndi mau owawa koposa, m'mawa mwace namtemera nkhuni. Tsono ngati mau a anthu awiriwa ali amodzimodzi, cimene ciwasiyanitsa nciani?

Funso ili si la masewera kwa mnyamata kapena mtsikana amene wangotsiriza sukulu. Iye wakhala zaka zambiri alikumva za cabwino ndi coipa, m'kalasi ndi m'mapemphero a m'mawa, ndipo pamene abwerera kwao kapena alowa nchito, sipapita sabata asanaone zinthu zimene anaphunzira kuti nzoipa zilikucitidwa ndi anthu amene iye awakonda, kapena amene ampatsa malipiro. Akalankhula, anthu ati sukulu yamzunguza mutu. Akakhala cete, mtima wace umtsutsa usiku. Ambiri amasankha njira imodzi mwa ziwirizi naitsata kufikira imfa, ndipo motero dziko lidzala ndi anthu olongolola pa ciri conse, pamodzi ndi ena osanena kanthu ngakhale nyumba ya mnansi ilikupsya.

Makolo anali ndi mau ambiri onena za kukonza mnzako, ndipo sanawasokoneze. Pali kulangiza, pali kudzudzula, pali kujeda, ndipo pali kuloza cala. Liu lakuti kulanga linyamula zinthu ziwiri pamodzi, pakuti anamkungwi amalanga namwali pomphunzitsa, ndipo mfumu imalanga wakuba pomlipiritsa, monga ngati kuti makolo anaona kuti ciphunzitso ceniceni cimawawa pang'ono. Mwambi wao uti wakutsina khutu ndi mnansi. Wowerenga aganizire bwino m'mene khutu limatsinidwira. Wotsina ayenera kufika pafupi kufikira dzanja lace likhudza mnzaceyo, ndipo cimene acita acidziwa anthu awiri okha. Koma cala cimalozedwa munthu ali patali, ndipo cilibe nchito ngati palibe khamu loti lione kumene cilikuloza. Nkhani ino itsata kusiyana kumeneku.

Citsanzo cikhale cimene cinali cofala m'midzi ya kwa Acewa ndi Angoni m'dera la Chipata, pamene mzindawo unkachedwa Fort Jameson. Amuna ambiri ankapita ku Salisbury ndi ku migodi kukafuna ndalama za msonkho, ndipo ena a iwo sanabwerenso, nasanduka machona. Mkazi wa mchona ankatsala ndi ana, ndi munda, ndi nkhokwe yosadzaza. Njira yace yopezera ndalama inali imodzi yodziwika, ndiyo kufulula mowa kapena kucheza kacasu. Tsono Misyoni ya Dutch Reformed, imene inayamba nchito pa Magwero mu 1899, inaletsa anthu ace mowa, ndipo panali cifukwa cace, popeza ndeu zambiri ndi milandu yambiri zinkabukira pa mtsuko. Wowerenga aganizire mai wotere wafulula mowa kuti alipirire mwana wace sukulu, ndipo anthu awiri amva za ici. Woyamba aimirira pamaso pa anthu nafotokoza kuipa kwa mowa, osachula dzina, koma maso onse atembenukira kumene mai uja wakhala. Waciwiri apita kwa iye dzuwa litalowa, namfunsa kuti ndalama za sukulu nzingati, namuuza poyera kuti mowawo sumkondweretsa cifukwa aona m'mene umathera amuna a m'mudzimo. Ndipo asanacoke alonjeza kuti ana ace adzathandiza kukulitsa munda wa nsawa caka camawa.

Onse awiri anena kuti mowa ngwoipa. Ngakhale zitapezeka kuti mai uja sanamvere ndi mmodzi yemwe, ndipo wafululanso mwezi wotsatira, anthu awiriwa sanacite cinthu cofanana. Woyamba uja sanataye kanthu, koma wapindula, pakuti anthu amuyesa wolungama, ndipo iye mwini abwerera kwace mtima uli mbee, ngati munthu amene wagwira nchito. Sanafunse funso liri lonse, cifukwa yankho anali nalo kale asanaone munthuyo. Mau ace akanatha kunenedwa kwa mkazi ali yense m'dziko liri lonse, wolemera kapena wosauka, wosiyidwa kapena wokhala ndi mwamuna wace. Kumeneko ndiko kuloza cala: kunena mau oona a cilungamo mosayang'ana amene alikuwamva, mosadziika pa bvuto, ndiponso mofuna kuti kuyera kwako kuonekere pa kuda kwa mnzako. Pali ena amene amawonjezapo nthenda yina, ya kusandutsa mlandu zinthu zimene si mlandu konse, monga m'mene mtsikana waluka tsitsi lace kapena nyimbo zimene anyamata akonda; koma awa ngosabvuta kuwazindikira, ndipo ngakhale ana amawaseka.

Mwambo wa ukwati usonyeza kuti makolo anamanga ufulu wa kulangiza pamodzi ndi katundu wace. Banja likabvuta, si ali yense amaloledwa kulowererapo. Amalankhula ndi ankhoswe, ndipo ankhoswe omwewo ndiwo amadzutsidwa pakati pa usiku mwana akadwala, ndiwo amaima pa bwalo mlandu ukabuka, ndiwo amathamanga pa maliro. Munthu amene adzasenza zotsatira zace ndiye amapatsidwa pakamwa. Wodutsa m'njira amene afuna kuphunzitsa banja la eni m'mene liyenera kukhalira amangofunsidwa kuti, "Kodi inu ndinu nkhoswe ya ndani?" ndipo nkhani yace ithera pomwepo.

Komatu apa pali msampha, ndipo anthu ocenjera ambiri agweramo mwadala. Wakuba akazindikira kuti anthu adana ndi oloza cala, amayamba kucha yense womdzudzula woloza cala. Woledzera ati, "Musandilalikire." Wogulitsa ndi sikelo yonyenga ati za malonda nzina, za cilungamo nzina. M'masiku a ulamuliro wa Azungu, mabuchala ndi masitolo ambiri a mu Lusaka ndi a ku migodi sankalola munthu wakuda kulowa pa khomo. Iye ankaima panja pa kazenera, napereka ndalama yace, nalandira nyama yokulunga kale imene sanaisankhe, ndipo kawirikawiri inali yotsala. Mu 1954 a African National Congress, motsogoleredwa ndi Harry Nkumbula, anauza anthu a mu Lusaka kuti aleke kugula m'mabuchala otere. Anthu amene anaima pa makomo aja sanatsine khutu mseri, analankhula poyera, pamaso pa khamu, ndipo ambiri a eni sitolo sanali anansi ao. Kodi nawonso anali oloza cala? Iai ndithu. Colakwaco cinkacitikira poyera, cinkabvuta anthu zikwi, ndipo odzudzulawo anadziika pa ngozi ya kumangidwa, namana ana ao ndiwo. Lamulo loletsa tsankho m'malo odyeramo ndi m'nyumba za kanema linadza pambuyo pace, mu 1960. Cotero munthu sangathawe kuloza cala pa kungokhala cete, kapena pa kungolankhula motsitsa mau. Ayenera kudziwa cimene cabwino ndi coipa ziri, kuti azindikire pamene liu lifunika.

Yankho loyamba limene anthu ambiri amapereka ndi lakuti cabwino ndi mwambo, ndiko kuti zimene makolo anasiya. Yankho ili libvutika msanga munthu akangoyenda ulendo. Herodotus, Mgriki wolemba mbiri amene anakhalako zaka zoposa 400 Kristu asanabadwe, anasimba za Darius mfumu ya Persia, imene inaitana Agriki niwafunsa kuti angalandire cuma cotani kuti adye mitembo ya atate ao. Iwo anati palibe cuma cotere. Pamenepo inaitana anthu a mtundu wina wa ku India, amene mwambo wao unali wa kudya makolo ao akafa, niwafunsa kuti angalandire ciani kuti atenthe mitemboyo monga ankacitira Agriki. Iwo anapfuula ndi mantha, napempha mfumu kuti isanene zonyansa zotere. Koma nkosafunika kupita ku Persia. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu 1835, ndipo pambuyo pace a Mpezeni anadzakhala pakati pa Acewa. Mwa mwambo wa Angoni mwamuna apereka ng'ombe za malowolo, ndipo ana ndi a kwa atate. Mwa mwambo wa Acewa mwamuna apita ucikamwini kwao kwa mkazi, ndipo mwini mbumba ndi malume wa anawo. Midzi iwiri yomwera mtsinje umodzi, m'mudzi uwu bambo wotenga ana ace kupita nao kwao acita coyenera, m'mudzi winawo waba ana a eni.

Ena akaona izi amafulumira kunena kuti tsono kulibe cabwino kapena coipa ceniceni, koma mtundu uli wonse uli ndi zace. Ophunzira a sukulu amakonda ganizo ili cifukwa limamveka la nzeru, ndipo limapeputsa mtima. Koma afulumira kwambiri. Agriki otentha mtembo ndi Amwenye aja oudya onse ankafuna cinthu cimodzi, ndico kulemekeza atate wao, ndipo onse anaopa cimodzi, ndico kumtaya ngati galu. Mngoni ndi Mcewa asiyana pa funso lakuti mwana ngwa yani, koma agwirizana kuti mwana ayenera kukhala ndi wina womsunga, womlipirira mlandu, womuika m'manda, ndipo onse amnyoza munthu amene asiya ana a m'manja mwace alikugona ndi njala. Miyambo iri ngati njira zoyenda m'chire, zimene zisiyana monga mwa mapiri ndi madambo a dziko lace, koma zambiri za izo zipita ku madzi.

Pali cina colimba koposa cotsutsa ganizo lakuti mwambo ndiwo mapeto a nkhani. Mwabvi unali mwambo. Munthu akaganiziridwa ufiti ankamwetsedwa madzi a khungwa la mtengo wa mwabvi. Akasanza anali wosalakwa, akafa inali mfiti. Anthu osawerengeka anafa motero, ndipo ena ankapempha okha kumwa pofuna kuyeretsa dzina lao. Boma linaletsa ndi lamulo, ku Nyasaland mu 1911 ndi ku Northern Rhodesia mu 1914. Tsono ngati cabwino ndi mwambo wokha, ndiye kuti mwabvi unali wabwino kufikira tsiku limene unaleka, ndipo munthu woyamba m'mudzi amene anaukayika anali wocimwa. Palibe angabvomere zotere. Coonadi ndi cakuti omwetsa mwabvi ankafuna cilungamo, ankafuna kuteteza ana ao ku imfa, koma analakwa pa cinthu cimodzi: anayesa kuti khungwa la mtengo lidziwa mtima wa munthu, pamene kusanza kapena kufa kunkatsata kuculuka kwa mankhwala ndi mphamvu ya thupi la womwayo. Mikangano yambiri ya cabwino ndi coipa iri yotere, anthu agwirizana pa cimene afuna koma asiyana pa m'mene zinthu ziliri. Cifukwa cace munthu wofuna kuweruza ayenera kuyamba wafunsa, ndipo woloza cala, amene safunsa, ali pafupi ndi womwetsa mwabvi kuposa m'mene iye aganizira. Max Marwick, amene anakhala pakati pa Acewa a dera lomweli nalemba buku la za ufiti mu 1965, anapeza kuti kawirikawiri oganizirana ufiti anali abale a mbumba imodzi, anthu olimbirana cuma ca masiye kapena unyakwawa. Cala cinkaloza kumene kunali kale cidani.

Yankho laciwiri ndi lakuti cabwino ndi cimene calamulidwa ndi wamkuru. Kunena za malamulo a Boma, kazenera ka pa buchala kayankha kale, pakuti lamulo linakalola zaka zambiri. Ndipo Socrates wa ku Athens anaphedwa mu 399 Kristu asanabadwe, atazengedwa mlandu monga mwa malamulo onse a mzinda wace, namwetsedwa cikho ca mankhwala akupha, cifukwa ca kufunsa anthu mafunso. Limodzi la mafunso ace, monga analilembera wophunzira wace Plato, likhudza anthu opembedza: kodi cinthu ciri coyera cifukwa milungu icikonda, kapena milungu icikonda cifukwa ciri coyera? Funso ili silicotsa cikhulupiriro ca munthu, ndipo okhulupira ambiri aliyankha ponena kuti Mulungu ndi ubwino sizilekana. Koma liphunzitsa ici, kuti ngakhale wopembedza akamanena kuti Mulungu ndi wabwino, liu lakuti wabwino liri ndi tanthauzo kwa iye. Salikunena cabe kuti Mulungu ndi wamphamvu. Mwana amene aleka kuba cifukwa ca mkwapulo wokha adzaba tsiku limene mkwapulo wathyoka, ndipo wamkuru amene adziwa malamulo onse koma osadziwa cimene malamulowo ateteza adzawagwiritsa nchito ngati cibonga.

Cinyanja ciri ndi njira yace yolozera kumene kuli muzu. Munthu akacita nkhanza yoposa muyeso, anthu sanena kuti waphwanya lamulo lakuti, amati, "Ameneyu si munthu." Akaona wina wogawana ndi mlendo nsima yace yotsiriza amati, "Uyu ndiye munthu." Onse awiri ali ndi miyendo iwiri, koma mmodzi ali nao umunthu, winayo wautaya. Mwambi wakuti kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu, unena zomwezo. Pa kuyang'ana kotere, cabwino ndi mangawa amene munthu ali nao kwa mnzace pa cifukwa cimodzi cokha, cakuti nayenso ndi munthu, womva njala, womva manyazi, wokhoza kuganiza ndi kusankha. Mangawa amenewa sanapangidwe ndi mfumu, ndipo mfumu singawafafanize. Mwambo ndi lamulo ndi zotengera zimene anthu anaumba kuti asungiremo mangawawo, ndipo cotengera cikabooka, monga mwabvi ndi kazenera kaja, cimayesedwa ndi comwe cinayenera kusunga. Ici sicimasula mfundo zonse. Pali nthawi pamene mangawa awiri alimbana, monga pamene mai wodwala ndi mwana wa sukulu afuna ndalama imodzi yomweyo, ndipo liu lakuti umunthu silinena kuti ipite kwa yani. Koma lisonyeza kumene maso ayenera kuyang'ana pamene munthu alikusankha.

Ngati ziri tero, cabwino cimaphunziridwa monga luso la manja. Aristotle, amene anaphunzira kwa Plato, anaphunzitsa kuti munthu asanduka wolungama pa kucita zolungama kawirikawiri, monga m'mene luso liri lonse limadzera. Mai wa kumudzi adziwa ici ngakhale sanamve dzina lace. Safotokozera mwana wace za kusinja, ampatsa kamunsi ndi kamtondo. Ndipo samlalikira za kuolowa manja, amtuma ndi mbale ya ndiwo kwa nkhalamba ya kuseri kwa nyumba, lero ndi mawa ndi mkuca, kufikira miyendo ya mwanayo idziwa njira yokha. Ici ndi cifukwa cina cimene mau a woloza cala sabala zipatso. Anthu ambiri ocimwa sasowa cidziwitso. Woledzera adziwa bwino lomwe kuposa womdzudzula kuti mowa ulikumutha, popeza ndiye amadzuka ndi mutu ndi matumba opanda kanthu. Cimene asowa ndi mphamvu, cizolowezi catsopano, ndi munthu woyenda naye madzulo a tsiku la malipiro.

Pa anzeru onse a ku Ulaya, amene anaumirira koposa pa malamulo osapindika ndi Immanuel Kant wa ku Königsberg, amene anamwalira mu 1804. Mu 1797 iye analemba kuti kunama nkosaloledwa ngakhale kwa wambanda amene afunsa ngati bwenzi lako, limene alikulilondola, labisala m'nyumba mwako. Palibe gogo m'mudzi uli wonse amene angacedwe pa funso ili. Iye adzati munthuyo wapita kumtsinje, ndipo adzagona tulo tabwino. Pa mfundo iyi gogoyo ndiye akhoza, ndipo Kant anaonetsa m'mene munthu wanzeru angasocerere pamene ayang'ana lamulo nasiya kuyang'ana wobisala uja. Komabe mantha ace sanali acabe, pakuti munthu akadzipatsa ufulu wa kunama pali ponse pamene iye ayesa kuti nkwabwino, posacedwa amapeza kuti nkwabwino tsiku liri lonse. Ndipo Kant yemweyo anaphunzitsa cina ca mtengo wapatali, cakuti munthu asagwiritsidwe nchito ngati cipangizo cabe cokwaniritsira zofuna za wina. Ciphunzitso ici cigwira wogulitsa akapolo ndi wolemba anchito wosalipira, koma cigwiranso woloza cala. Pamene iye anaimirira kunena za mowa, mai wa mchona uja anali ciani kwa iye? Anali mwala wopondapo kuti iye aoneke wamtali. Motero kuloza cala sikungolephera kukonza coipa. Iko komwe ndi coipa, ca mtundu womwewo umene cilungamo cimaletsa, ndipo ncobvuta kucileka cifukwa wocicita amamva kukoma kwa munthu wocita bwino.

Njira yina ya kudzudzula ioneka m'mbiri ya Natani ndi mfumu Davide, imene ana a sukulu ambiri aidziwa. Davide atatenga mkazi wa Uriya naphetsa mwamunayo ku nkhondo, Natani sanayende m'misika kusimba za macimo a mafumu. Anapita kwa mwini wace, amene anali ndi mphamvu ya kumupha, namsimbira za munthu wolemera amene analanda kamwana ka nkhosa kamodzi kokha ka mnansi wace wosauka. Davide anapsya mtima naweruza wolemerayo, ndipo pamenepo ndi pomwe anauzidwa kuti wadziweruza yekha. Nzeru yace iri pakuti Natani sanabweretse muyeso wacilendo. Anagwiritsa nchito muyeso umene unali kale mumtima mwa mfumu, ndipo potero anamyesa munthu wokhoza kuzindikira. Agogo osimba nthano za Kalulu ndi Fisi pa moto amacita cimodzimodzi. Mwana waumbombo aseka Fisi pamodzi ndi anzace, ndipo pambuyo pace, ali yekha pa mphasa, azindikira amene amanenedwa, popanda wina womcititsa manyazi.

Zonsezi nzosabvuta pa pepala. Wowerenga aganizire tsono mnyamata amene walembedwa ukalaliki pa ofesi yina, ndipo mwezi wace waciwiri aona kuti kalaliki wamkuru amalipiritsa anthu a kumidzi mapepala amene Boma lipereka kwaulere. Wamkuruyo si cirombo. Alera ana anai a mlongo wace womwalira pamodzi ndi ace, ndipo ndiye amene ananenera mnyamatayo kuti apeze nchitoyo. Mnyamata angathe kusimba nkhaniyi kwa anzace pa nthawi ya tiyi, akupukusa mutu ndi kudandaula za kuonongeka kwa dziko. Adzamva bwino, ndipo palibe cidzasinthika. Angathenso kunena kuti iye si woweruza anthu, ndipo mau amenewa amveka ofatsa, koma mtengo wa kufatsa kwaceko aulipira ndi mai wokalamba amene wagulitsa nkhuku yace kuti agule pepala laulere. Mai ameneyu ali nao mangawa ace pa mnyamatayo, ngakhale sadziwana maina.

Cotsala ndi kupita kwa wamkuruyo pa yekha, ofesi itatsekedwa, ndi ulemu wonse woyenera munthu wa msinkhu wa atate wace, kumuuza cimene waona, kumva za ana a masiye aja, ndi kunena mosabisa kuti iye sadzalandirako ndalamazo, ndiponso sadzanama akafunsidwa. Kapena wamkuruyo adzacita manyazi naleka. Kapena adzaseka, namkumbutsa amene anampezera nchito. Zikatero khutu latsinidwa ndipo silinamve, ndipo nkhani iyenera kupita kwa akulu a pamwamba, pakuti obedwawo ndi anthu ambiri osatha kudziteteza. Mnyamatayo adziwiretu kuti pa tsiku limenelo ena adzamucha wosayamika, ena woloza cala, ndipo kwao komwe angamfunse cifukwa cace wataya nchito pa nkhani ya nkhuku ya mwini. Pa nthawi yonse imene iye alikusinkhasinkha, mzere wa pa khomo la ofesi sunaleke, ndipo Lolemba m'mawa padzaimanso wina wocokera kutali, ndalama atazimanga pa nsonga ya citenje.